Mbiri ya Pampu Yochotsa Mpweya

Munthu akamathira shuga m'kapu ya tiyi saganizira za ulendo umene shugayo wayenda. Ambiri timadziwa kuti nzimbe zimalimidwa ku Nchalo m'boma la Chikwawa ndi ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, kuti zimafinyidwa m'fakitale, ndi kuti madzi ake amaphikidwa kufikira atasanduka timiyala totsekemera. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti madzi a nzimbewo saphikidwa mu mphika wosavundikira monga m'mene amayi amaphikira thobwa. Amawirira m'mathanki otsekeka ndithu, momwe mpweya wachotsedwamo, ndipo ntchito yochotsa mpweyawo imagwiridwa ndi makina otchedwa pampu ya vacuum. Mawu akuti vacuum amatanthauza malo opanda mpweya. M'chimangirizo chino tilondola mbiri ya makina amenewa, ndipo tiona kuti kuyambira pamene adapangidwa, adani ake akuluakulu akhala awiri: mpweya wolowera m'ming'alu ndi nthunzi ya madzi. Mmisiri amene amayendetsa pampuyi m'fakitale lero akumenya nkhondo yomwe ija imene idayamba zaka zoposa 350 zapitazo.

Kwa zaka pafupifupi 2,000 anthu ophunzira a ku Ulaya adakhulupirira kuti malo opanda kanthu sangakhalepo. Chiphunzitsochi adachitenga kwa Aristotle, katswiri wa nzeru wa ku Greece amene adamwalira m'chaka cha 322 Khristu asanabadwe. Akafunsidwa chifukwa chake madzi amakwera mu mpope wa pachitsime munthu akamapopa, ankayankha kuti chilengedwe chimadana ndi malo opanda kanthu, motero chimathamangitsa madzi kuti akadzaze mpata umene watsala. Yankholi linkamveka lokoma, koma anthu ogwira ntchito m'zitsime ndi m'migodi ankadziwa chinthu chimodzi chimene sichinkagwirizana nalo. Pampu yokoka madzi, ngakhale ikhale yabwino chotani, sinkatha kukweza madzi kupitirira mamita 10. Galileo Galilei wa ku Italy adalemba za vutoli m'buku lake la m'chaka cha 1638, koma sadapeze chifukwa chake chenicheni. Funso lidatsala ili: ngati chilengedwe chimadanadi ndi malo opanda kanthu, bwanji chidani chakecho chimathera pa mamita 10?

Amene adayankha funsoli ndi Evangelista Torricelli, yemwe adathandiza Galileo m'miyezi yomaliza ya moyo wake. Cha m'chaka cha 1643, mu mzinda wa Florence, iye ndi mnzake Vincenzo Viviani adatenga chubu chagalasi chotalika pafupifupi mita imodzi, chotseka mbali imodzi, nachidzaza ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chimene chimalemera kuposa madzi pafupifupi ka 14. Adatseka kukamwa kwa chubucho ndi chala, nachizondotsa, nachimiza m'mbale ya mercury. Atachotsa chala, mercury adatsika pang'ono n'kuima pa masentimita 76, ndipo pamwamba pake padatsala mpata wopanda kanthu. Torricelli adafotokoza kuti palibe chimene chinkakoka mercury kuchokera m'mwamba. Mpweya umene watizungulirawu uli ndi kulemera, ndipo ndiwo unkapsinja mercury wa m'mbale ndi kumukankhira m'chubu. Umapsinja ndi mphamvu ya pafupifupi kilogalamu imodzi pa kamalo kalikonse kofanana ndi chikhadabo cha chala. Mphamvu imeneyi imakwanira kusenza mercury wa masentimita 76 kapena madzi a mamita 10, osapitirira apo.

Umboni wina udabwera kuchokera ku France m'chaka cha 1648. Blaise Pascal adaganiza kuti ngati mpweya ulidi ndi kulemera, ndiye kuti pamwamba pa phiri uyenera kupsinja mochepa, pakuti mpweya umene uli pamwamba pa munthu kumeneko ndi wochepa. Adatuma mlamu wake Florin Périer kuti akwere phiri la Puy de Dôme atanyamula chubu cha mercury, ndipo atafika pansonga adapeza kuti mercury watsika ndi masentimita pafupifupi 8. Mfundo imeneyi ndiyo maziko a ntchito yonse ya vacuum. Pampu siikoka kanthu. Imangotapa mpweya m'kati mwa chotengera ndi kuutaya kunja, ndipo mpweya wakunja, umene ukupsinja mbali zonse, umafunafuna kaboo kalikonse koti ubwererepo.

Woyamba kukumana ndi mdani ameneyu maso ndi maso adali Otto von Guericke wa mu mzinda wa Magdeburg ku Germany. Iyeyu adapulumuka pamene mzinda wake udatenthedwa pa nkhondo m'chaka cha 1631, ndipo kuyambira m'chaka cha 1646 adakhala mmodzi mwa mameya ake. Cha m'ma 1650 adatenga pampu yozimitsira moto naisintha kuti izichotsa zinthu m'chotengera chotseka. Poyamba adadzaza madzi mu mgolo wamatabwa, namata mipata yake ndi phula, nayamba kupopa madziwo poyembekezera kuti m'kati mutsala mopanda kanthu. M'malo mwake adamva phokoso la mpweya ukulowa kudzera m'matabwa. Adasiya mtengo napangitsa mpira wamkuwa, koma amuna ake ali m'kati mopopa, mpirawo udaphwanyika ndi phokoso lalikulu, wofinyidwa ndi mpweya wakunja ngati chitini chopondedwa. Guericke sadataye mtima. Adapangitsa mpira wina wolimba ndi wobulungira bwino, ndipo uwu udapirira. M'chaka cha 1654 adaonetsa pampu yake ku Regensburg pamaso pa mfumu yaikulu Ferdinand III.

Chionetsero chake chotchuka kwambiri adachichita ku Magdeburg cha m'chaka cha 1657. Adatenga mbale ziwiri zamkuwa zooneka ngati zipanda, zotambalala pafupifupi theka la mita, naziphatikiza kukamwa ndi kukamwa. Pakati pake adaikapo chikopa chonyika m'mafuta ndi sera kuti pasakhale mpata. Atachotsa mpweya m'kati, adamangirira akavalo 8 mbali iyi ndi ena 8 mbali inayo. Akavalowo adakoka ndi mphamvu zawo zonse, koma kulekanitsa mbalezo kudali kovuta zedi, pakuti mpweya wakunja unkazipanikiza ndi kulemera kwa pafupifupi matani awiri. Koma munthu akangotsegula kampopi kuti mpweya ulowe, mbalezo zinkalekana zokha. Anthu ambiri amakumbukira akavalowo, koma chinsinsi cha ntchitoyo chidali m'kachikopa kaja. Popanda iko, ngakhale mwana akadazilekanitsa.

Mbiri ya zimenezi idafika ku England, kumene Robert Boyle ndi womuthandiza wake Robert Hooke adapanga pampu yawo ku Oxford m'chaka cha 1659. Iwo adagwiritsa ntchito botolo lalikulu lagalasi kuti aziona zochitika m'kati. Adaona kuti kandulo imazima, kuti kulira kwa wotchi kumazilala, ndiponso kuti mbalame ndi mbewa zimakomoka mpweya ukachepa. Pampu yawo inkavuta kawirikawiri chifukwa cha mpweya wolowera m'malumikizano, ndipo owatsutsa ankagwira mfundo yomweyo ponena kuti ntchito yawo ndi yosadalirika. Komabe mwa zimene Boyle adalemba m'chaka cha 1660 mudali chinthu chimodzi chimene chidadzasintha mafakitale. Adaika madzi ofunda chabe m'botolo muja, ndipo atachotsa mpweya madziwo adayamba kuwira popanda moto. Chifukwa chake n'chakuti mpweya ukamapsinja madzi umaletsa nthunzi kutuluka, ndipo ukachepa, madzi amawira asanatenthe kwambiri. M'mphepete mwa nyanja yamchere madzi amawira pa madigiri 100 a Celsius, koma pansonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, pa mamita 3,002, amawira pa madigiri pafupifupi 90. Apa m'pamene mdani wachiwiri adaonekera, pakuti madzi aliwonse otsala m'chotengera amasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo imadzaza malo amene pampu yangochotsamo mpweya.

Kwa zaka zoposa 100 pampuyi idakhala chida cha ofufuza ndi cha zionetsero. Idalowa m'ntchito zazikulu kudzera mu injini ya nthunzi ya James Watt wa ku Scotland, imene adailembetsa ku boma m'chaka cha 1769. Injini imeneyi idali ndi chipinda chapadera choziziritsira nthunzi, ndi pampu yochotsa mpweya ndi madzi m'chipindamo. Kenaka padabwera shuga. M'masiku amenewo, ku zilumba za Caribbean ndi ku America, madzi a nzimbe ankaphikidwa m'miphika ikuluikulu yosavundikira yondandalikidwa pa ng'anjo. Akapolo, amene makolo awo kapena iwo eni adagwidwa kuno ku Africa, ankatunga madzi owirawo ndi zipande zazitali kuchoka mu mphika uwu kupita mu winawo, usana ndi usiku, ndipo ambiri ankapsa koopsa. Nkhuni zinkatha zambiri, ndipo shuga ankapserera n'kuda chifukwa cha kutentha. M'chaka cha 1813 Edward Charles Howard wa ku England adalembetsa mphika wotseka wolumikizidwa ku pampu, momwe shuga ankawira pa kutentha kochepa osapserera.

Amene adaikulitsa nzeru imeneyi adali Norbert Rillieux, wobadwira ku New Orleans m'chaka cha 1806. Bambo ake adali mzungu, mayi ake adali mfulu wa magazi a ku Africa, ndipo iye adakaphunzira za makina ku Paris. Rillieux adaona kuti nthunzi yotuluka mu mphika woyamba siiyenera kutayidwa. Ikhoza kuwiritsa mphika wachiwiri, malinga ngati mu mphika wachiwiriwo mpweya wachotsedwa kwambiri kuposa mu woyamba, ndipo nthunzi ya wachiwiri ikhoza kuwiritsa wachitatu mwa njira yomweyo. Motero moto umodzi unkagwira ntchito katatu. Adalembetsa makina ake m'zaka za 1843 ndi 1846, ndipo eni minda ya nzimbe ku Louisiana adapindula nawo kwambiri. Makinawa adachotsa ntchito yoopsa ya zipande ija, koma sadamasule kapolo ndi mmodzi yemwe, ndipo mwini nzeruyo, potopa ndi malamulo atsankho, adabwerera ku France kumene adamwalira m'chaka cha 1894. Mafakitale a shuga pa dziko lonse akutsatirabe njira yake.

Pa nthawi yomweyo ofufuza ankafuna vacuum yozama kuposa imene pampu ya chikopa ndi mafuta inkapereka. M'chaka cha 1865 Hermann Sprengel, Mjeremani wokhala ku London, adapanga pampu imene madontho a mercury ankagwa m'chubu chopyapyala, dontho lililonse likukankha kampweya pang'ono kutsogolo kwake. Inkachedwa, koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Pampu imeneyi ndiyo idatheketsa babu la magetsi, pakuti kachingwe ka m'babu kamapsa msanga ngati m'kati mwatsala mpweya. Joseph Swan ku England ndi Thomas Edison ku America adaigwiritsa ntchito cha m'chaka cha 1879, ndipo adapeza kuti ayenera kutenthetsa kachingweko pamene akupopa, kuti mpweya wobisala m'kati mwake utuluke babu lisanamatidwe. Machubu agalasi opopedwa bwino ndiwonso adathandiza Wilhelm Röntgen kutulukira X-ray m'chaka cha 1895, chida chimene madokotala amaunikira mafupa m'zipatala zathu.

Mapampu oyendera magetsi amene tikuwadziwa lero adabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ambiri adachokera m'nzeru za Wolfgang Gaede wa ku Germany. Mtundu umodzi wofala uli ndi gudumu loikidwa chakumbali m'kati mwa silinda, ndipo gudumulo lili ndi timapiko totuluka ndi kulowa, timene timasesa mpweya kuchoka polowera kupita potulukira. Oyilo ndiye amamata timipata tonse. Vuto lake lidali lakuti nthunzi ikafinyidwa m'pampu imasanduka madzi, madziwo amasakanikira ndi oyilo, ndipo pampu imafooka. M'chaka cha 1935 Gaede adapeza mankhwala odabwitsa otchedwa gas ballast. Aka ndi kavavu kolowetsa dala mpweya pang'ono m'pampu pa nthawi yofinya, kotero kuti nthunzi imakankhidwira kunja isanasanduke madzi. Mdani woyamba adamusandutsa msilikali wogonjetsera wachiwiri. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amayamba waona mlingo wa oyilo pa kagalasi, kenaka amaliza pampu kwa pafupifupi theka la ola polowera pali potseka ndi kavavu kaja kali kotsegula, kuti pampu itenthe isanakumane ndi nthunzi. Akaona oyilo wayera ngati mkaka amadziwa kuti madzi alowa. Pozimitsa amatseka polowera ndi kulowetsa mpweya m'pampu, kuopa kuti oyilo angakankhidwire m'mapaipi.

Kumene nthunzi ndi yochuluka zedi, monga m'mafakitale a shuga ndi a mapepala, amakonda mtundu wina wotchedwa liquid ring, umene udayamba kupangidwa ku Germany ndi ku America m'zaka zomwezo. Kampani ya Nash, yodziwika ndi mapampu amenewa, idakhazikitsidwa m'chaka cha 1905. M'pampu iyi mulibe oyilo womata mipata. Muli madzi. Gudumu la mapiko likamazungulira limaponyera madziwo m'mbali mwa silinda, ndipo amapanga mkombero. Pakuti gudumulo lili chakumbali, timipata ta pakati pa mapiko ndi mkombero wa madziwo timakula mbali imodzi n'kulandira mpweya, ndipo timachepa mbali inayo n'kuufinyira kunja. Nthunzi ikalowa siiononga kanthu, imangosanduka madzi n'kuphatikana ndi anzake.

Nzeru zonsezi zidafika m'dziko lathu pamodzi ndi ulimi waukulu wa nzimbe. Fakitale ya ku Nchalo, imene idamangidwa ndi kampani ya Lonrho pansi pa dzina lakuti SUCOMA, idayamba kupanga shuga m'chaka cha 1966, ndipo ya ku Dwangwa idatsatira m'chaka cha 1979. M'chaka cha 1997 zonse ziwiri zidapita m'manja mwa kampani ya Illovo. M'fakitale ya shuga yamakono, madzi a nzimbe, amene pafupifupi magawo 85 mwa 100 alionse ndi madzi enieni, amadutsa m'mathanki ondandalikana a Rillieux kufikira atakhuthala ngati uchi. Akatero amalowa mu mphika wa Howard, momwe amawira pakati pa madigiri 60 ndi 70 mpaka timiyala ta shuga titabadwa ndi kukula. Nthunzi yotuluka imapita m'chipinda choziziritsira, mmene imakumana ndi madzi ozizira, ndipo pampu imachotsa mpweya wotsala. Chipinda chimenechi kawirikawiri chimaikidwa m'mwamba, ndipo paipi yake yotsitsira madzi imatalika kupitirira mamita 10, kunsi kwake kuli komira m'dziwe. Kutalikako sikwachabe. Ndi mamita 10 omwe aja amene adazunguza Galileo, pakuti mpweya wakunja sungathe kukankhira madzi a m'dziwe kupitirira pamenepo kuti abwerere m'makina.

Tsono ntchito ya woyendetsa pampu ya madzi ija ndi yotani? Asanalize makina amaonetsetsa kuti madzi afika pa mlingo wa mtanda wa gudumu. Akachepa, mkombero supangika ndipo pampu imaonongeka. Akasefukira, injini imalemedwa ndipo mapiko akhoza kuthyoka. Amaonanso kuti gudumu likuzungulira kumene muvi waloza, ndipo vavu yolowera amaitsegula pang'onopang'ono, maso ali pa geji. Makina akamayenda amayesa kutentha kwa madzi olowa m'pampu. Opanga mapampuwa amawerengera mphamvu yake poganizira madzi a madigiri 15, koma m'chigwa cha Shire, kumene m'mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 35, madzi otero ndi osowa. Madzi ofunda amasanduka nthunzi m'kati mwa pampu momwemo, monga m'botolo la Boyle, ndipo nthunziyo imalanda malo a mpweya. Zikafika poipa, pampu imalira ngati mwalowa miyala, chizindikiro chakuti tithovu ta nthunzi tikuphulika ndi kudya chitsulo cha mapiko. Pamenepo mmisiri amaziziritsa madzi kapena kutsegula kavavu kolowetsa mpweya pang'ono kufikira phokosolo litaleka. Akakayikira mng'alu, amatseka vavu ya pakati pa pampu ndi thanki n'kuyang'ana geji. Singano ikabwerera msanga, ndiye kuti pena pake palowa mpweya, ndipo amalondola paipi ndi paipi kufikira atapapeza.

Kusamala konseku kuli ndi chifukwa. Wophika shuga amene waima pa mphika waukulu uja amadalira kuti vacuum ikhale yokhazikika. Ikafooka mwadzidzidzi, kutentha kumakwera ndipo timiyala timene wakhala akutilera timayamba kusungunuka. Ikakula mwadzidzidzi, madzi a shugawo amazizira msanga ndipo mumabadwa timiyala tina tosafunika, ting'onoting'ono ngati ufa, timene timatseka masefa a makina opatulira shuga. Mphika umodzi wotere umasenza matani ochuluka, ndipo m'menemo muli thukuta la odzala, othirira, odula ndi onyamula nzimbe. Zoonadi mutu umodzi susenza denga: luso la wophika shuga silipindula kanthu ngati wa pa pampu wagona.

Pomaliza, mbiri imeneyi ikutisonyeza kuti nzeru zazikulu siziyambira m'mabuku mokha. Idayamba ndi anthu okumba zitsime amene adaona kuti madzi akukana kukwera, ndipo idakula chifukwa cha anthu amene sadanyoze zimene amisiri adaona. Pa sitepe iliyonse, chimene chidapititsa ntchito patsogolo chidali chinthu chaching'ono: kachikopa ka Guericke, dontho la mercury la Sprengel, kavavu ka Gaede. Ngakhale lero palibe pampu imene idachotsapo mpweya wonse, ndipo palibe thanki imene mpweya wakunja udaleka kuipsinja. Inu ophunzira amene mudzagwira ntchito m'mafakitale, m'zipatala kapena m'malo ofufuzira, dziwani kuti makina ndi okhulupirika kwa munthu wodekha yekha. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kupeza kaboo kamene kakulowetsa mpweya m'paipi yaitali, pakati pa usiku, fakitale yonse ikudikira, kumafuna mtima womwewo.